Injini ya galimoto yatsopano ikutentha, ogulitsa akukana kukonza

FUNSO: Akonzi, ndinagula galimoto yatsopano ku Blantyre, koma injini imatentha kwambiri ndikamakwera chitunda cha Thabwa pochokera ku Chikwawa. Ogulitsa akuti vuto ndi dzuwa ndi fumbi la kuno ku Chigwa cha Shire. Kodi ndipite nayo kwa makaniko wa pa Nchalo? Mlimi wa nzimbe, Nchalo.

YANKHO: Bambo, musalole makaniko wapadera kumasula injiniyo, ngakhale akhale waluso chotani, chifukwa ogulitsa akangoona kuti yagwiridwa ndi manja ena, adzapeza chifukwa chokanira waranti yanu, lomwe ndi lonjezo lawo lokonza galimotoyo mwaulere ikapezeka ndi vuto lochokera ku fakitale. Yankho limene anakupatsanilo silikukwanira, pakuti galimoto yatsopano yogulitsidwa m'Malawi muno iyenera kupirira nyengo ya kwathu, ngakhale kutentha kwa mu Okutobala.

Muvi wa kutentha ukadzakweranso, imani pambali, zimitsani injini ndipo mujambule dashibodi pa foni kuti makilomita aoneke, koma musatsegule chivindikiro cha radiyeta injini ili yotentha. Popereka galimotoyo kwa ogulitsa, onetsetsani kuti dandaulo lanu lalembedwa monga mwalinenera, ndipo mutenge kope losainidwa. Pemphani kuti ayeze fani, thermostat (kachipangizo kowongolera kutentha kwa injini) ndi pampu ya madzi, komanso kuti makaniko wawo aiyendetse pa chitunda, popeza vuto lotere silioneka galimoto itaima m'galaja. Werenganinso buku la sevisi, chifukwa opanga ambiri amafuna kuti galimoto yoyenda m'fumbi izichitidwa sevisi pafupipafupi, ndipo apa ndi pamene eni galimoto ambiri amagwidwira.

Akapitiriza kukana, auzeni akulembereni kalata yofotokoza zifukwa zawo, kenaka mukadandaule ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ufulu wa ogula, mutanyamula kalatayo, malisiti ndi zithunzi.