Funsani Amisiri: Simenti ndi yomweyo, nanga silabu yatsikiranji pakati?

FUNSO: Ndinathira masilabu awiri a nyumba zosanja, onse a mamita 5 kuchoka khoma kufika khoma. Simenti inali imodzimodzi, muyeso 1:2:4 wa simenti, mchenga ndi miyala. Yoyamba ndinaika kwale wa kumakina, yachiwiri miyala yofiirira ya mchengamchenga yoswa ndi manja. Makyubu onse (timabuloko ta konkire toyesera mphamvu yake) anakhoza ku labotale pa masiku 28, koma silabu yachiwiriyo yatsika pakati mpaka khoma la pansi pake lachita ming'alu. Chalakwika n'chiyani? Mmisiri, Rumphi.

YANKHO: Bambo, makyubu aja sanakunamizeni. Iwo amangouza katundu amene konkire angasenze asanaphwanyike, sanena kuti apindika bwanji akamasenza katunduyo. Kupindikako kumadalira kwambiri mwala, poti mwala ndi mchenga ndiwo amatenga malo aakulu m'konkire, pakati pa 60 ndi 75 peresenti. Simenti ntchito yake n'kumata. Mwala ukakhala wofewa, silabu yonse imagonja nawo limodzi.

Mainjiniya amayeza kusapindika kwa konkire m'ma GPa (gigapascal): nambala ikakula, konkireyo sapindika msanga. Malamulo omangira a ku Ulaya otchedwa Eurocode 2 amapereka 30 GPa pa konkire wa giredi ya mphamvu ya C20/25 wopangidwa ndi mwala wa quartzite. Mukaika limestone mumachotsapo 10 peresenti, kutsala 27. Basalt amawonjezera 20 peresenti, kufika 36. Koma sandstone, yemwe ndi wochuluka kudera la Livingstonia ndipo akufanana ndi amene mwafotokozayo, amachotsa 30 peresenti yonse: mumatsala ndi 21 basi. Zitsulo zam'kati zimachepetsako kusiyanaku, komabe sizikuthetsa. Chovutanso n'chakuti konkire wa mwala wofewa amapitiriza kutsika pang'onopang'ono kwa zaka, ngakhale katundu asawonjezeke.

Kokani chingwe pansi pa silabuyo kuchoka khoma kufika khoma, muyeze mpata wa pakati. Lamulo lodziwika ndi kugawa kutalika ndi 250, ndiye pa mamita 5 isapitirire mamilimita 20. Ikapyola apo, kapena mukaona ming'alu ikukula kunsi kwake, imikani michirikizo ndipo itanani injiniya musanamange china pamwamba. Kuthira pulasitala wokhuthala kuti pafanane n'kungoiwonjezera katundu.

Mwala muziuyesa lole isanatsitse. Tengani makilogalamu 5 ouma bwino, muviike m'madzi maola 24, mupukute ndi nsanza n'kuyezanso pa sikelo. Kulemera kwake kukawonjezeka ndi magalamu oposa 150, wamwa madzi kwambiri, ndi wa timabowo; ubwezeni. Pekesaninso miyala iwiri: ikamayoyoka mchenga m'manja, si ya silabu. Ngakhale mwala wolimba ngati granite kapena gneiss akhoza kukugwiritsani mwala ngati anatoledwa pamwamba pa phiri, pomwe anafumbwa kale ndi dzuwa ndi mvula. Kuswa ndi manja pakokha si mlandu, kungoti kumatulutsa miyala yambiri yaphanthiphanthi, yomwe imabisa madzi kunsi kwake ndipo simenti saigwira bwino. Fumbi lokuta mwala limachita chimodzimodzi, choncho tsukani.

Ngati mwala wabwino uli kutali, musathamangire kuwonjezera matumba a simenti. Phindu lake pa kusapindika n'lochepa. Chothandiza n'kukhuthalitsa silabu. Kuchoka pa mamilimita 150 kufika 175 kumawonjezera kusapindika ndi pafupifupi 60 peresenti, koma injiniya awerengenso zitsulo poti kulemera nako kwakwera. Michirikizo ya silabu yopitirira mamita 4.5 ikhale masiku osachepera 14, ndipo muzithirira madzi sabata yathunthu.

FUNSO: Nanga njerwa zootcha zophwanya zingalowe m'malo mwa kwale? Mayi womanga, Dedza.

YANKHO: Podzaza pansi musanathire simenti ya m'nyumba, inde Mayi, bola zitsinderedwe bwino. Pa silabu yosanja, bimu kapena lintala ayi ndithu. Njerwa imamwa madzi ochuluka ndipo ndi yofewa kuposa mwala wolimba wina uliwonse. Pamenepo gulani kwale wa mamilimita 19 kapena 20, wotsukidwa.