Mixtape yaulere pa mabiti a eni, kodi pali mlandu?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene wangoyamba kumene kurapa ndipo ndati ndimuyankhe pompano poti ambiri mumafunsa zomwezi. Akuti wajambula nyimbo zingapo pa mabiti a nyimbo zotchuka omwe anadawuniloda pa YouTube, akufuna azitulutse ngati mixtape, ndiye kuti nyimbo zingapo zosonkhanitsidwa pamodzi, sagulitsa ayi ndi yongogawa, ndipo pansi pa nyimbo iliyonse alemba dzina la prodyusa komanso kuti bitiyo si yake. Ndiye akuti kodi pamenepa walakwira ndani, poti ngakhale madolo a rap anayambira momwemo?

Achimwene, ndisakunamizeni, mwalamulo mukufunika chilolezo, kaya mukugulitsa kaya mukungogawa. Ndikudziwa sizikoma kumva koma ndi mmene zilili.

Nyimbo iliyonse umwini wake uli pawiri. Pali umwini wa chopekacho, ndiye kuti mayimbidwe, makodi ndi mawu, umenewu ndi wa amene anapeka pamodzi ndi kampani yomusamalira nyimbo zake, kenako pali umwini wa chojambulidwacho chomwe amati master, ndipo kawirikawiri chimakhala m'manja mwa lebo, kampani yojambulitsa ndi kugulitsa nyimbo. Inuyo mukatenga biti yonse n'kuikapo mavesi anu mwakhudza mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Olo mutapeza mnzanu woti akuimbireninso bitiyo pa kiyibodi kuyambira pachiyambi, mwangozemba ya master yokhayo, chopekacho chidakali cha eni. Ndipo musamayang'ane kachizindikiro ka © kuti muone ngati ili ndi mwini, umwini umayamba pomwe munthu wapanga chinthucho, ndi zomwe mayiko oposa 180 anagwirizana mu pangano la Berne lomwe linayamba mu 1886.

Zolemba dzina la prodyusa zija ndi ulemu ndithu, pitirizani, koma si chilolezo. Zili ngati kutenga galimoto ya munthu osapempha n'kumata pepala pagalasi loti galimotoyi si yanga. Chimodzimodzi zomwe anthu amauzana zoti ukagwiritsa masekondi ochepa palibe vuto, lamulo lotero kulibe. Fair use imene mumamvayo, yoti nthawi zina utha kugwiritsa ntchito chinthu cha eni popanda chilolezo, ndi ya m'malamulo a ku America ndipo ndi woweruza amene amagamula mlandu utafika kale kukhoti, si chinthu choti mungodzipatsa nokha muli mu situdiyo.

Tsopano pa nkhani yoti ndi yaulere, apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Mu 2010 woimba rap wa ku America Mac Miller anatulutsa mixtape yaulere yotchedwa K.I.D.S. ndipo nyimbo imodzi mmenemo anarapa pa biti ya nyimbo ya Hip 2 Da Game ya woimba rap wina, Lord Finesse. Sanagulitse. Koma mnyamatayo atatchuka, mu 2012 Lord Finesse anamusumira kufuna madola 10 miliyoni, mfundo yake inali yoti mixtape yaulereyo ndi yomwe inamupangira dzina, ndipo dzinalo ndi lomwe linamubweretsera mashoo ndi ndalama. Anakamaliza pogwirizana kunja kwa khoti. Ndiye zoti madolo ankachita ndi zoona, malebo ankangoyang'ana kumbali chifukwa ma mixtape ankawatsatsira oimba awo, koma kuyang'ana kumbali si kulola, tsiku lomwe afuna amatembenuka, DJ Drama, wotchuka potulutsa ma mixtape, anamangidwa ku Atlanta mu January 2007 pa nkhani ya ma mixtape omwewa.

Kunena chilungamo, inuyo panopa palibe loya amene angataye nthawi yake kukusakani. Chomwe chingakupezeni msanga ndi makina. YouTube ili ndi Content ID yomwe imamvetsera chilichonse chomwe mwaika n'kufananiza ndi zomwe eni nyimbo analembetsa, ikapeza biti yawo mwina ndalama za malonda zipita kwa iwo, mwina vidiyo itsekedwa, ndipo eni akadandaula mpaka mwalandira machenjezo atatu omwe amati ma strike, tchanelo chonse chimapita ndi zonse zomwe munaikamo. Ku Spotify ndi Apple Music ndiye musayese n'komwe, makampani omwe amakuikirani nyimbo kumeneko amakuvomerezetsani kaye kuti zonse ndi zanu kapena muli ndi chilolezo.

Koma chomwe chimandiwawa ine si kutsekedwa kwa vidiyo. Ndi chakuti mwakhala usiku wonse mukulemba, mwafufuta mwalembanso, vesi yabwino kuposa zonse mwaiika pa biti ya eni, ndiye nyimboyo ikangophulika simungaigulitse, simungaipereke ku filimu kapena kwa otsatsa malonda, thukuta lanu koma mphamvu zonse zili kwa munthu amene sakukudziwani n'komwe.

Pophunzira rapani pa biti iliyonse yomwe mukufuna, kunyumba, ndi anzanu, ndi mmene flow, kayendetsedwe ka mawu pa biti, imakhwimira ndipo palibe angakuletseni. Koma nyimbo yotulutsa ipezereni biti yakeyake. Sizodula ngati mmene mukuganizira, woimba wa ku America Lil Nas X anagula biti ya nyimbo yake ya Old Town Road madola 30 okha kwa prodyusa wa ku Netherlands dzina lake YoungKio, nyimbo yomwe inakhala pa nambala wani pa Billboard, mndandanda wa nyimbo zotchuka ku America, masabata 19 mu 2019. Komanso nkhani yomweyi ili ndi chenjezo, mu bitimo munali sampulo, kachidutswa kotengedwa mu nyimbo ya gulu la Nine Inch Nails, moti anachita kukambirana ndi eni ake mpaka maina awo analowa pa opeka nyimboyo. Ndiye musanalipire funsani prodyusa ngati muli sampulo mkati komanso ndani akaipemphere chilolezo.

Laisensi iwerengeni yonse, osangodina. Yotchipa ija nthawi zambiri ndi lease, kutanthauza kuti biti yomweyo akugulitsanso kwa ena, imakhala ndi malire a ma stream, ndiye kuti imveredwe kangati pa intaneti, kapena a zaka, ndipo ambiri salola kuti muilembetse ku Content ID chifukwa mungatsekerese anzanu omwe anagula biti yomweyo. Zolembedwa kuti free pa YouTube zija zambiri ndi zaulere pokhapokha ngati simukupangira ndalama. Ngati prodyusa ndi mnzanu lemberananibe, olo pa imelo, kuti aliyense gawo lake ndi lotani, chibwenzi chimatha ndalama ikalowa.

Nyimbo mwajambula kalezo musataye. Mawu ndi anu, mavesi ndi anu. Sankhani ziwiri kapena zitatu zomwe mukuzikhulupirira, patulani mawu okha opanda biti, muuzeni prodyusa BPM yake, ndiye kuti liwiro la nyimboyo, akupangireni biti yatsopano pansi pake, osati yokopera ija koma yakeyake, zimenezo ndiye mutulutse.