Kodi Radio Sweden inapita kuti pa shortwave?

Funso: Zaka za m'ma 1990 ndinkakonda kumvera Radio Sweden m'Chingelezi pa wailesi yanga ya shortwave. Chaka chino ndinaikonzetsa, ndinagula mabatire atsopano, ndinalumikizanso waya wautali ku eriyo, koma ndikamasakasaka siteshoniyi ndimangomva phokoso lokhalokha. Kodi vuto ndi wailesi yangayi, kapena anasintha pamene amamvekera?

Yankho: Bambo, wailesi yanuyo ilibe mlandu, ndipo musatayenso ndalama kwa amisiri. Radio Sweden, yomwe ndi nthambi ya Sveriges Radio, wailesi ya dziko la Sweden, inasiya kuulutsa mawu pa shortwave ndi pa medium wave kumapeto kwa Okutobala 2010. Makina oulutsira mawu a ku Hörby, kum'mwera kwa dzikolo, amene ankaponya mawu mpaka kutsidya kwa nyanja, anazimitsidwa pamodzi ndi a ku Sölvesborg amene ankamveka usiku m'maiko ambiri a ku Ulaya pa 1179 kHz. Ntchitoyi inayamba mu 1938 pofuna kufikira anthu a ku Sweden okhala kunja, ndipo Chingelezi chinawonjezedwa mu 1939, kotero chimene mukusakacho chinatumikira omvera zaka zoposa 70.

Anasiya chifukwa makina otere amadya magetsi ambiri ndiponso ndi odula kuwasamalira, pamene omvera ochuluka anali atayamba kale kugwiritsa ntchito intaneti. Ngakhale zili choncho, ine zimandikhudza kwambiri, chifukwa shortwave inkafikira munthu amene ali ndi mabatire awiri okha, popanda kulipira data kapena kudalira netiweki.

Mawu a ku Stockholm, likulu la Sweden, akadalipo, koma njira yake tsopano ndi foni kapena kompyuta. Mukatsegula sverigesradio.se, kapena mukaika pulogalamu ya Sveriges Radio pafoni yanu, mupeza nkhani za Radio Sweden m'Chingelezi, komanso P1 ya nkhani ndi zokambirana, P3 ya achinyamata ndi P4 ya m'madera, zomwe zimaulutsa m'Chiswidishi. Amene akuphunzira chinenerochi ayambe ndi "Radio Sweden på lätt svenska", pomwe nkhani zimawerengedwa mosathamanga ndi mawu osavuta. Langizo langa n'lakuti muzikopera mapulogalamu pafoni nthawi imene netiweki ili bwino, kuti muzimvera madzulo popanda kudukaduka.

Musadabwe masewera ena akakana kumveka, chifukwa nthawi zina chilolezo chowaulutsira chimathera m'malire a Sweden. Kumbukiraninso kuti dzikolo limasuntha wotchi ndi ola limodzi kumapeto kwa Malichi ndi kumapeto kwa Okutobala, choncho nthawi imene mumamvera mapulogalamu imasinthanso.

Mwina mudzamva kuti siteshoni yakale ya ku Grimeton ku Sweden, yomwe UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaiika m'gulu la malo osungidwa mu 2004, imaulutsabe pa masiku apadera. Zimenezo n'zoona, koma imatumiza zizindikiro za Morse (kulira kwakufupi ndi kwakutali koimira zilembo) pa 17.2 kHz, ndipo wailesi yanuyo singazigwire ngakhale waya utatalika bwanji.