Kodi Pali Katemera wa Timadontho Toyera pa Nsomba za Trout?

Mmalawi mnzathu amene amagwira ntchito pa famu ya nsomba za trout pafupi ndi Dullstroom ku South Africa wandilembera imelo. Akuti dzuwa likangoyamba kuwomba, tiana ta nsomba timatuluka timadontho toyera ngati wawazapo mchere, timadzikhula pansi pa thanki, kenaka n'kumafa. Funso lake ndi lakuti: popeza nsomba zina amazipatsa katemera, bwanji nthenda iyi osaibayira katemera?

Achimwene, katemera wa nthenda imeneyi amene mungagule kusitolo kulibe. Ndikudziwa kuwawa kwake kovuula nsomba zakufa m'mamawa uliwonse, n'chifukwa chake sindikufuna kukupatsani chiyembekezo chabodza.

Katemera amene mwamuonayo ndi wa mabakiteriya. Woyamba kuloledwa anatuluka ku America mu 1976, wa nthenda yofiiritsa kukamwa kwa trout, yobwera ndi Yersinia ruckeri. Tiana amangotiviika m'madzi a katemerayo kwa masekondi 30 basi. Zimatheka chifukwa bakiteriya ndi wosavuta kumuweta: umamuchulukitsa m'thanki yaku labotale, n'kumupha, katemera wapezeka. Ku Norway njira imeneyi inathandiza kwambiri kuchepetsa mankhwala a antibayotiki amene ankathira m'chakudya cha nsomba za salmon m'ma 1980.

Kachilombo kanuko ndi kena. Dzina lake ndi Ichthyophthirius multifiliis, alimi amangoti ich. Kadontho kalikonse koyera ndi kachilombo kamodzi kamene kaboola khungu kapena makha, mopumira nsomba muja, n'kumadya kali mkati. Kakakhuta kamathothoka, kamakakamira pansi kapena m'mbali mwa thanki, kamadzikuta ndi kachikuto n'kuyamba kugawikana. M'kachikutomo mumatuluka tiana mazanamazana tosambira, tosaka nsomba. Tianato tikapanda kupeza nsomba pa tsiku limodzi kapena awiri timafa. Madzi akatentha ulendo wonsewu umatha m'masiku ochepa, pomwe m'madzi ozizira umatenga masabata angapo. Ndiye mukuona chifukwa chake vuto lanu limakula m'chilimwe.

Chimene chimawapatsa mphamvu ofufuza n'chakuti trout imene yadwala n'kuchira kawirikawiri sidwalanso msanga. Thupi lake limakhala litamudziwa mdaniyo. Ku University of Copenhagen, Kurt Buchmann ndi anzake akhala zaka zambiri akufufuza chitetezo chimenechi, poti Denmark imaweta trout zambiri m'maiwe. Koma pali miyala iwiri panjira. Woyamba, ich amakana kuchulukana bwino popanda nsomba yamoyo, ndiye sungapange katemera wokwanira nsomba mamiliyoni. Wachiwiri, kachilomboka kali ndi mitundu ingapo yosiyana chikopa, moti chitetezo cha mtundu umodzi sichigwira mokwanira pa unzake. Onjezerani apo kuti kubaya jakisoni kansomba kochepa ngati chala, kamodzikamodzi, ndi ntchito yodula.

Ngakhale nthenda yozunguza mutu, yobwera ndi Myxobolus cerebralis, imene inapululutsa trout mu mtsinje wa Madison ku Montana m'ma 1990, ilibe katemera. Ku Colorado anachita kuitanitsa mtundu wopirira wa trout wochokera ku Germany n'kuukwatitsa ndi zawo.

Ndiye inu mutani? Mankhwala sakhudza kachilombo kali m'khungu kapena m'kachikuto; amapha tosambira tokha. Apa ndi pamene ambiri amalakwira: amathira kamodzi, timadontho tachepa, n'kusiya. Mchere kapena mankhwala a formalin mumayenera kubwereza masiku angapo, pa mlingo umene dokotala wa ziweto wakuuzani, ndipo formalin amachepetsa mpweya m'madzi. Mankhwala a malachite green musayerekeze, analetsedwa pa nsomba zodya m'maiko ambiri. Tsukani pansi pa thanki tsiku lililonse, onjezerani kuthamanga kwa madzi, chepetsani kuthithikana. Nsomba zatsopano zizikhala pazokha kaye, ndipo thanki iliyonse ikhale ndi ukonde ndi ndowa yakeyake.

Mwati mukufuna kudzakumba maiwe mukabwerera kumudzi. Trout kwathu imakhala kozizira kokha monga pa phiri la Zomba ndi ku Nyika, koma ich sasankha: chambo ndi mlamba amazigwiranso, ndipo m'madzi athu ofunda amaswana mwachangu kuposa ku Dullstroom.