Lighthouse yakupatsani 100, nanga munthu wosaona angathe kulembetsa?

Achimwene, mwafunsa ngati webusaiti yanu yakonzeka kwa anthu osaona popeza Lighthouse, chida choyezera mawebusaiti, yakupatsani 100 pa accessibility, ndiko kuti momwe anthu a ulumali angathere kugwiritsa ntchito tsambalo. Nambala imeneyo payokha siyokwanira. Lighthouse, WAVE ndi axe ndi zida zabwino, musazisiye, koma zimangogwira zolakwika zomwe makina angathe kuwerenga. Zimaona kuti chithunzi chili ndi alt, mawu ofotokozera wosaona zomwe zili pa chithunzicho, osadziwa ngati mawu mwalembamowo ali ndi phindu. Mukalemba "chithunzi1" pa chithunzi chosonyeza mitengo ya katundu, makina akhutira, koma wosaona sanamvepo kanthu.

Yambani ndi kuzula mausi. Yendani tsamba lonse ndi Tab, Shift+Tab ndi Enter basi. Kodi mukuona pomwe muli nthawi zonse? Okonza mawebusaiti ambiri amachotsa kamzere kozungulira batani ndi outline: none poti akuti sikakongola, ndiye wogwiritsa ntchito kiyibodi amangosochera. Tsegulani menyu, tsegulani kabokosi kotulukira pamwamba, muone ngati mungakatseke ndi Escape n'kubwerera pomwe munali.

Kenako ikani NVDA, yomwe ndi screen reader, pulogalamu yowerengera munthu mokweza zomwe zili pa sikirini. Ndi yaulere pa Windows, ndipo anaiyamba mu 2006 ndi Michael Curran wa ku Australia, yemwe pambuyo pake anagwirizana ndi James Teh, onse awiri osaona. Pa foni simufunika kugula chilichonse, Android ili ndi TalkBack, iPhone ili ndi VoiceOver. Apa ndi pomwe ambiri amadabwa: munthu wozolowera screen reader samvetsera tsamba kuyambira pamwamba mpaka pansi ayi. Amadumpha. Mu NVDA akadina H amapita pa mutu wotsatira, akadina Insert+F7 amatulutsa mndandanda wa malinki onse. Tsono ngati mitu yanu munangoikulitsa ndi kuidetsa m'malo moika h2 ndi h3, zizindikiro za mu khodi zosonyeza kuti uwu ndi mutu, kwa iye tsambalo lilibe mutu ndi umodzi womwe. Ndipo ngati malinki anu onse akuti "dinani apa", mndandanda uja ungomuuza "dinani apa, dinani apa" osadziwa kuti uliwonse ukupita kuti. Chimodzimodzi batani lopangidwa ndi div, kabokosi wamba ka mu khodi: maso amaliona ngati batani, screen reader silitchula choncho, ndipo Tab imalilumpha. Gwiritsani ntchito button yeniyeni musanathamangire ku ARIA, mawu owonjezera mu khodi ouza screen reader chomwe chinthu chili.

Mafomu ndi pomwe anthu amagonjera. Bokosi lililonse likhale ndi label yake, dzina lonena zoti mulembedwe m'bokosimo, chifukwa mawu otuwa a placeholder amazimiririka munthu akangoyamba kulemba. Akalakwitsa, musangofiiritsa bokosilo. Lembani m'mawu chomwe chalakwika, ndipo uthengawo umveke pa screen reader.

Musaiwalenso kuti ambiri mwa anthu a vuto la maso amaonako pang'ono, ndipo sagwiritsa ntchito screen reader konse. Malamulo a accessibility otchedwa WCAG, ochokera ku bungwe loika miyezo ya mawebusaiti la W3C, omwe mtundu wake wa 2.2 unatuluka mu 2023, amafuna kuti mtundu wa zilembo ndi wa kumbuyo kwake zisiyane pa mlingo wa 4.5:1, kapena 3:1 ngati zilembozo ndi zazikulu. Amafunanso kuti munthu akakulitsa zilembo kufika pa 200%, mawu asaduke kapena kukwerana. Ndiye pali osasiyanitsa mitundu, makamaka wofiira ndi wobiriwira, pafupifupi mwamuna mmodzi mwa 12 aliwonse. Ngati "zatheka" ndi "zakanika" zikusiyana mtundu wokha, kwa iwo n'chimodzimodzi.

Wina akuuzani kuti mungoika ka widget, kapulogalamu kowonjezera pa tsamba, kamene kamati kamakonza zonse pakamodzi. Ine sindikakhulupirira. Wosaona amabwera kale ndi zida zake zomwe anazitchera momwe amafunira, ndipo timapulogalamu timeneti nthawi zina timangomusokoneza, khodi yolakwika ija ili chikhalire pansi pake.

Mukamaliza zonsezi, pezani anthu omwe amagwiritsa ntchito screen reader kapena zoom tsiku ndi tsiku, muwalipire nthawi yawo. Inu mumadziwa kale pomwe batani lililonse lili, choncho kuyesa kwanu kuli ndi malire. Apatseni ntchito yeniyeni, monga kulembetsa akaunti kapena kumaliza kugula chinthu, pa chipangizo chawo chomwe anachizolowera. Akakakamira musawauze podina, ingolembani pomwe aimapo ndi mawu omwe screen reader inanena pamenepo.