Za mafamu a ku Zimbabwe ndi abale athu omwe ankagwiramo ntchito

Achimwene, mwafunsa ngati a Mugabe anangodzuka tsiku limodzi n'kuyamba kulanda mafamu a azungu. Ayi, mkanganowu ndi wakalekale. Lamulo la malo la 1930 linapatsa azungu ochepa pafupifupi theka la dziko, kwachonde kwenikweniko, eni nthaka n'kukankhidwira kumchenga. Pangano la ku Lancaster House la 1979, lomwe linathetsa nkhondo yaufulu, linamanganso boma latsopano manja kwa zaka 10: munda ugulidwe pokhapokha mwini wake atafuna kugulitsa.

Zinafika poipa mu 2000, anthu atakana malamulo atsopano a dziko pa referendamu. Magulu otsogoleredwa ndi omenya nkhondo yaufulu analowa m'mafamu, alimi ena achizungu anaphedwa. Koma omwe satchulidwa kawirikawiri ndi antchito a m'mafamumo, ena mwa iwo ana ndi zidzukulu za Amalawi omwe anapita kukalima fodya nthawi ya atsamunda. Ntchito inatha, nyumba ya pakomboni n'kupita nayo, mudzi wobwererako analibe. Lamulo la unzika la 2001 linasiyanso ambiri opanda ziphaso. Ine apa ndi pamene pamandiwawa.

Za chipukutamisozi, mu 2020 boma la a Mnangagwa linalonjeza alimi achizunguwo madola a ku America 3.5 biliyoni, olipirira nyumba, madamu ndi zina zomwe anamanga, osati nthakayo.