Musanalipire masters ya kafukufuku, onani zomwe amaphunzitsa

Mmodzi mwa owerenga athu watilembera kuti ali ndi digiri ya social science, amagwira ntchito ya M&E, kutanthauza kulondoloza ndi kuunika momwe ntchito zikuyendera (monitoring and evaluation), ndipo akufuna masters yoti imuphunzitse kusanthula manambala. Akufunsa kuti asankhe sukulu iti.

Musakopeke ndi dzina la yunivesite. Pemphani kaye mndandanda wa makosi. Mapulogalamu ena otchedwa research methods ali ndi kosi imodzi yokha ya statistics, ndipo ophunzira amangodina mabatani mu SPSS, pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira manambala, mpaka kumaliza. Pulogalamu yeniyeni ikhale ndi probability, regression, sampling ndi multilevel models, ndipo muzilemba nokha code mu R kapena Stata, omwenso ndi mapulogalamu a pakompyuta osanthulira manambala.

Pa sampling pamenepa ndi pomwe ambiri amagwa. Tengani Malawi Demographic and Health Survey ya 2015-16, kafukufuku wa dziko lonse wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo. Anthu sadasankhidwe mmodzimmodzi m'dziko lonse ayi: adayamba asankha madera, kenako mabanja m'maderamo. Mabanja a mudzi umodzi amafanana pa zambiri, monga madzi omwe amamwa ndi chipatala chomwe amapitako. Mukapanda kuuza Stata zimenezi kudzera mu lamulo lake lotchedwa svyset, standard error (muyezo wa momwe zotsatira zingaphonyere) imachepa ndipo mumalengeza kusiyana komwe kulibe.  Funsani ngati ophunzira amagwira deta yotereyi. Akakuyankhani mozungulira, pitani kwina.

Kenako mphunzitsi wokuyang'anirani pa thesis. Werengani zomwe wasindikiza zaka zitatu zapitazi, mufunse ophunzira angati ali m'manja mwake, ndipo ngati n'kotheka yankhulani ndi mmodzi yemwe adamaliza. Thesis imakhala miyezi patebulo mphunzitsi akachulukidwa ntchito, inu fizi ikukwera.

Ngati mtima wanu uli pa zaumoyo, University of Malawi ku Zomba ili ndi masters ya Biostatistics, ndipo London School of Hygiene and Tropical Medicine ili ndi Medical Statistics ya chaka chimodzi. Zonsezi zimafuna masamu olimba. Chaka chimodzi sichidikira munthu, choncho bwerezani calculus ndi matrix algebra miyezi ingapo musanayambe. Wofuna Chevening, thandizo la maphunziro lochokera ku boma la Britain, akumbukire kuti amafuna zaka ziwiri zogwira ntchito, ndipo maphunziro akatha muyenera kubwerera kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri.